Njira ya m'Chisanu: Kodi Wosamala pa Ulendo Wachepa Chikhulupiriro?

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, chimanga chitalowa m'nkhokwe, fodya atamangidwa m'mabelo, mtedza nawo utafukulidwa ndi kuyanikidwa, dziko la Dowa ndi Ntchisi limasintha nkhope yake. Pakuti mvula imene idatsekera anthu m'midzi mwawo kuyambira mu Disembala imakhala italekeza, madzi a m'Kasangadzi ndi m'Bua amaphwera, matope a m'madambo amauma, ndipo njira zonse, misewu ndi tinjira ta m'mapiri tomwe, zimayamba kuyendeka. Iyi ndiyo nyengo ya maulendo: nyengo ya zikwati ndi ziliza, ya zinamwali ndi misonkhano ya mpingo, nyengo imene mlamu amakumbukira mlamu wake wa kutsidya kwa phiri, ndi imene alendo a maiko akutali amatsika pa Mponela nafunsa msewu wa ku Ntchisi kuti akaone nkhalango yake. Koma nyengo yomweyo imene imatsegula njira ndiyo imabweranso ndi mwera wolasa m'mafupa, ndi nkhungu yokuta mapiri m'mawa, ndi usiku wautali umene ngakhale mwini nyumba amasendera kufupi ndi mafuwa. Kotero kuti wapaulendo amene walanditsidwa ku matope ndi ku mitsinje yosefukira amapezeka ali m'manja mwa mdani wina wosafuula, amene amagwira munthu mwakachetechete.

Pamenepa pali funso limene limakambidwa kawirikawiri pa siwa, pa bwalo la tchalitchi ndi pa depoti ya basi, ngakhale kuti olikamba sadziwa kuti akukhudza nkhani imene idazunguza mitu ya anthu anzeru kuyambira kale lomwe. Munthu akanyamuka ulendo mosakonzeka, nakagwa m'tsoka kutali ndi kwawo, ena amati tsiku lake lidakwana, ndipo likakwana lakwana, ngakhale akadatsala m'nyumba imfa ikadam'peza pa mphasa. Ena amapukusa mutu nati akadamvera akadakhala ndi moyo. Oyambawo amaoneka ngati ndiwo opembedza koposa, chifukwa amaika zonse m'manja mwa Chauta. Achiwiriwo amaoneka ngati anthu a nzeru za dziko, oyesa kutalikitsa masiku awo ndi bulangete ndi kamba. Funso ndi ili: kodi munthu amene amakhala pansi kuyesa nyengo, kuyesa mphamvu za miyendo yake, kufunsa eni dziko, ndi kusankha njira yozungulira m'malo mwa yachidule, wachepa chikhulupiriro? Ine ndikuti iyayi. Ndipo ndikuti kusamala kotereku ndi mbali ya kupembedza kwenikweni, pamene kunyamuka mwachimbulimbuli, dzina la Mulungu lili pakamwa, n'kumuyesa Iye amene adaletsa kuti tisamuyese.

Tisanafike ku Malembo, tiyambe taona mmene chisanu chimagwirira ntchito yake, popeza sitingaweruze mlandu tisanaudziwe. Mponela ali pa chidikha chokwera mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,600. Ndipo lamulo limene Namalenga adaika mu mpweya n'lakuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Wonyamuka m'munsi dzuwa likuswa mtengo, atavala malaya amodzi, amakafika pamwamba thukuta lili chuchuchu. Akaima kuti apume, mphepo imaomba pa nsalu yonyowayo ndi kuyamba kum'landa kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mmene thupi lingabwezeretsere. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 ngozi yayamba. Poyamba munthu amanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndi chifundo, pakuti ndi thupi likudzikolezera moto. Pambuyo pake zala zimakanika kumanga ngakhale chingwe cha nsapato, lilime limalemera, nzeru zimasokonekera, miyendo imadzandira. Potsiriza kunjenjemera kumaleka, tulo tokoma timabwera, ndipo ena amafika pomva kutentha konyenga mpaka kuvula zovala. Choopsa chachikulu n'chakuti chisanu chimayamba kuba nzeru chisanabe moyo, kotero kuti pa nthawi imene munthu afunika kuganiza bwino koposa, m'pamene sangathenso kuganiza. Kachasu amene ena amamwa kuti afundidwe amangowonjezera tsoka, chifukwa amatumiza magazi ku khungu kumene kutentha kumathawira kunja. Chifukwa chake nzeru ya ulendo wa m'chisanu iyenera kugwira ntchito munthu asanachoke pakhomo.

Ngati zili chomwechi m'mapiri athu omwe tidabadwiramo, nanga kwa eni? Ana athu ambiri lero ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ena ali pa sukulu ku Scotland, ku Ireland ndi ku maiko ena a kumpoto, ndipo kumeneko anzawo amawaitana pa masiku a tchuthi kuti akakwere mapiri. Mwana wa ku Dowa akamva kuti Ben Nevis, phiri lalitali koposa onse a ku Britain, ndi la mamita 1,345 okha, angathe kuseka mumtima mwake, podziwa kuti mapiri a kwawo amaliposa. Koma iye sadziwa kuti phiri limenelo limayambira pafupi ndi nyanja yamchere, kotero kuti munthu amalikwera lonse ndi miyendo yake, ndiponso kuti m'miyezi ya chisanu pamwamba pake pamakutidwa ndi chipale chofewa chimene chimabisa njira ndi kulendewera pa milomo ya maphompho, kuoneka ngati nthaka yolimba pomwe pansi pake palibe kanthu. Sadziwa kuti mu Disembala, pamene kwathu kuli mvula ndi kutentha, kumeneko dzuwa limaoneka maola asanu ndi awiri okha, ndipo mdima umagwa pa nthawi imene kwathu ana amakhala akadali kudambo ndi mbuzi. Chimodzimodzinso mapiri a Drakensberg, a m'malire a South Africa ndi Lesotho, amagwa chipale mu Juni ndi Julaye, miyezi yomweyi ya chisanu chathu. Kudziwa kukwera phiri la kwanu sikukupatsa nzeru ya phiri la kwa eni, ndipo akuluakulu adanena kale kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Phunziro lomweli tidaliona m'dziko lathu lino, mlendo ali wochokera kunja, eni dziko tili ife. M'mwezi wa Julaye 2009, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil, dzina lake Gabriel Buchmann, amene adayenda maiko ambiri a ku Asia ndi a mu Africa pofuna kumvetsa umphawi wa anthu, adafika ku Mulanje nakhumba kuponda pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, yaitali koposa m'Malawi muno. Chigawo chotsiriza cha ulendowo adachiyenda yekha, womuperekeza atatsala m'mbuyo. Nyengo idasintha, mitambo idakuta phiri, ndipo ngakhale anthu ambiri adam'funafuna, thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri, chisanu chitam'gonjetsa. Sindikutchula dzina lake kuti ndim'dzudzule, pakuti anali munthu wokonda anthu, ndipo imfa yake idaliritsa ambiri kuno ndi kwawo. Ndikulitchula kuti tione kuti mtima wabwino, maphunziro apamwamba ndi miyendo yozolowera misewu ya maiko ambiri sizingalowe m'malo mwa munthu mmodzi wa m'mudzi wa patsinde pa phiri, amene amadziwa chiperoni chikamabwera poona mtambo umene mlendo sangausamale n'komwe.

Tsopano timve mbali ya iwo amene amati zonse zidalembedwa kale, pakuti si anthu opusa, ndipo mawu awo ali ndi choonadi chake. Iwo amati: taonani anthu angati adakonzeka bwinobwino nafera panjira, ndi angati adanyamuka chimanjamanja nakafika ndi mtendere, tsoka silinunkha, ndipo palibe munthu amene adawonjezerapo tsiku pa moyo wake chifukwa cha kuda nkhawa. Amatikumbutsa za Abrahamu, amene adasiya dziko la kwawo ndi abale ake osadziwa kumene akupita, nati kodi iyeyo adayamba wafunsa za nyengo ya ku Kanani? Amatikumbutsa za ophunzira amene adatumidwa opanda thumba la kamba. Ndipo pansi pa mawu onsewa pali chitonthozo chimene sitiyenera kuchinyoza, pakuti mayi amene mwana wake wafera m'phiri sangapirire kumva kuti imfayo ikadalewedwa ndi jekete limodzi. Kwa iye mawu akuti tsiku lidakwana ndi mankhwala a bala la mumtima. Pa siwa, mawu amenewa ali m'malo mwake, ndipo wopita kukapepesa maliro asanyamule milandu ya womwalirayo. Cholakwa chimabwera pamene mawu a pa siwa atengedwa kukhala malangizo a pa khomo, pamene mankhwala a olira aperekedwa kwa mnyamata amene akumanga mtolo wake kuti anyamuke.

Pakuti tikawerenga Malembo modekha, tidzapeza kuti Mulungu mwini ndiye woyamba kusankhira anthu njira molingana ndi mphamvu zawo. Pamene ana a Israele adatuluka m'Ejipito, njira yachidule inalipo, yodzera m'dziko la Afilisti. Koma Iye amene adagawa nyanja, amene sakadalephera kugonjetsa Afilisti, adawazungulitsa njira ya kuchipululu, podziwa kuti anthu ongomasulidwa kumene mu ukapolo akadaona nkhondo akadabwerera m'mbuyo. Ngati Wamphamvuzonse adayesa kufooka kwa anthu ake asanawasankhire njira, ndani ife kuti tinene kuti kuyesa kufooka kwathu n'kusakhulupirira? Yakobo naye, pamene mkulu wake Esau adam'pempha kuti ayendere limodzi, adakana mwaulemu, nanena kuti ana ndi anthete ndipo zoweta zikuyamwitsa, kotero kuti iye adzayenda monga mwa mayendedwe a ana ndi a zoweta. Ndipo m'menemo adatisiyira lamulo limene gulu lililonse la apaulendo liyenera kusunga, lakuti liwiro la ulendo limayesedwa ndi wofooka wa onse. Za Abrahamu tinene kuti iye adanyamuka chifukwa adaitanidwa, ndipo adatenga banja lake, antchito ake ndi chuma chake chonse. Amene akukwera phiri pa tsiku la nkhungu kuti akajambulitse chithunzi pamwamba sadaitanidwe ndi wina koma mtima wake. Ndipo Ambuye Yesu, pamene woyesayo adamuika pamwamba pa Kachisi namuuza kuti adziponye pansi popeza angelo adzam'wakha, adakana, nationetsa kuti kudziika dala m'ngozi ndi kuyembekeza kuti kumwamba kulipire kupusa kwathu ndi tchimo, ngakhale titalikuta ndi vesi.

Koma nkhani imene imadula mlanduwu ndi ya Paulo pa ulendo wake wa ku Roma. Chombo chimene adakwera ali wamndende chidafika pa doko lina la pa chisumbu cha Krete nyengo yabwino ya maulendo a panyanja itapita, chisanu chikuyandikira. Paulo, munthu wa chikhulupiriro chosakayikitsa, ndiye adaimirira kuchenjeza kuti asapitirire, koma kenturiyo adamvera woyendetsa chombo ndi mwini wake, ndipo unyinji udagwirizana zoti ayese kukafika pa doko lina labwinopo. Kamphepo kofatsa ka kumwera katayamba kuomba, adayesa kuti zofuna zawo zatheka. Posachedwa namondwe adawagwira, nawazunguza masiku khumi ndi anayi, mpaka chombo chidasweka ndi katundu yense adatayika, ngakhale anthu onse 276 adapulumuka. Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Koma chimene chiyenera kutidabwitsa n'chakuti, ngakhale mngelo adam'lonjeza Paulo kuti palibe amene adzafa, iye sadapinde manja: ataona amalinyero akufuna kuthawa m'kabwato, adauza asilikali kuti popanda anthu amenewo sipadzakhala chipulumutso, ndipo adaumiriza onse kuti adye kuti apeze mphamvu. Lonjezo la Mulungu ndi luso la amalinyero sizidalimbane m'mutu mwa Paulo. Iye adadziwa kuti Mulungu amapulumutsa kudzera m'manja a odziwa ntchito ndi m'mimba zokhuta. Mtumwi yemweyo, ali m'ndende chakumapeto kwa moyo wake, adalembera Timoteo kuti am'tengere chofunda chimene adachisiya ku Trowa, ndi kuti afulumire kufika chisanu chisanayambe. Munthu amene sadaope lupanga la Kaisara sadachite manyazi kupempha chofunda.

Mbiri ya mpingo m'dziko lathu ikuchitira umboni zomwezi. Amishoni a Livingstonia adayamba ntchito yawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, koma ataika anzawo m'manda chifukwa cha malungo, adasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo pambuyo pake Robert Laws adakwera phiri la Khondowe mu 1894. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, pofuna malo oyambirapo ntchito pakati pa Achewa ndi Angoni a kwa Chiwere, adamanga msasa wawo ku Mvera m'chaka cha 1889, m'mapiri, pamwamba pa chigwa cha kunyanja. Ndipo Robert Blake adatsegula Kongwe mu 1894, pa mtunda wa mphepo umene ana a sukulu a kumeneko amaudziwa bwino mu Juni. Palibe amene anganene kuti anthu amenewa, amene adasiya kwawo nadzafera kuno ena a iwo, anali amantha kapena ochepa chikhulupiriro. Iwo adaphunzira ndi misozi kuti mtumiki wakufa salalikira, ndi kuti kusankha malo ndi nyengo mwanzeru ndi njira imodzi yolemekezera Iye amene adawatuma.

Nanga tsono njira yoyenera nyengo ya chisanu imasankhidwa bwanji? Choyamba n'kudziwa kuti njira siikhala yabwino kapena yoipa payokha. Imakhala yabwino kwa munthu wakutiwakuti pa tsiku lakutilakuti. Kanjira kolowa m'nkhalango ya Ntchisi, kamene mu Okutobala mwana wa sukulu angakayende akuimba, mu Juni m'mawa kamakhala koterera ndi mame, kobisika mu nkhungu, ndipo pansi pa mitengo yake italiitali mdima umayamba dzuwa lisanalowe. Wanzeru amawerenga maola a kuwala asanawerenge makilomita, amalawira m'mamawa, amasankha njira yokhala ndi midzi kapena zithando zothawiramo, yotsika msanga nyengo ikasintha, ndipo amasiya mawu pakhomo onena kumene wadzera ndi nthawi imene abwerere. Amanyamula chofunda chouma ngakhale kumwamba kuli mbee, ndi kamba woposa njala ya tsikulo, ndi machesi, ndi tochi. Samaika moyo wake wonse pa foni, imene m'zigwa imasowa netiweki ndipo batire lake limatha msanga pozizira. Chachiwiri n'kudziyesa wekha moona mtima, pakuti bodza loopsa koposa pa ulendo ndi limene munthu amadzinamiza yekha, kuiwala zaka zake, chifuwa chake cha mphumu, kapena bondo limene lidayamba kale kudandaula. Chachitatu n'kufunsa eni dziko ndi kuyenda nawo. Safunsa adadya phula, ndipo kuyenda awiri si mantha. Kulipira munthu wa m'mudzi kuti akuperekeze si kutaya ndalama, ndipo kumvera mawu ake pamene akuti lero phiri silili bwino ndi ulemu umene mlendo aliyense ali nawo ngongole kwa mwini dziko.

Chachinayi, chimene chili chovuta koposa zonse, n'kudziwa kubwerera. Makolo athu, amene ankayenda pansi kuchokera kuno kukasuma nsomba ndi mchere ku Nkhotakota, akakumana ndi malodza panjira ankabwerera kumudzi osachita manyazi, ndipo palibe amene ankawaseka. Ife tidasiya ula ndi kuombeza, koma pamodzi ndi zimenezo tisataye khutu lomvera chenjezo, pakuti mtambo wakuda pa nsonga ya phiri, mphepo yosintha mwadzidzidzi, ndi mnzako amene wayamba kulankhula zosamveka, ndi mawu omveka bwino kuposa malodza onse. Chimene chimapha ambiri si phiri ayi, koma manyazi: manyazi obwerera nsonga ikuoneka pafupi, manyazi ouza anzako kuti watopa, manyazi akuti ndalama zapita kale ndipo anthu a kumudzi adzati chiyani. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kubwerera kumafuna kudzichepetsa, ndipo kudzichepetsa ndiye khomo la kupembedza konse. Wobwerera wavomereza ndi miyendo yake kuti iye ndi cholengedwa, kuti nyengo ili ndi Mwini wake, ndi kuti moyo umene wanyamula si wake yekha, koma ndi wa mkazi wake, wa ana ake, wa mbumba yake ndi wa Iye amene adam'bwereka.

Komabe tikadalakwa tikadalankhula ngati kuti aliyense woyenda m'chisanu adasankha yekha ulendo wake. Nkhalango ya Ntchisi imene alendo amadzaiona lero inali linga la Achewa pa masiku a nkhondo za Angoni, ndipo amayi amene adagona m'menemo ndi makanda kumsana sadapiteko kukaona anchima ndi mbalame. Adasankha chisanu chifukwa kumbuyo kwawo kunali mkondo. Agogo athu amene msonkho wa atsamunda udawatulutsa m'midzi, ena polembedwa ndi Wenela kapena Mthandizi, ena pa selefu, ankayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Kamuzu Banda yemwe, ali mnyamata, adayenda ulendo wotere kuchokera ku Kasungu. Ambiri a iwo adakafika ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, dziko lokwera la chisanu choopsa, ndi matupi osazolowera, ndipo chibayo chidawapulula kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera ku maiko otentha a kumpoto kuno, chiletso chimene chidakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1930. Lero lino ku Dzaleka, m'boma lathu lomwe lino la Dowa, kumene kudasanduka msasa wa othawa kwawo m'chaka cha 1994, kuli anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena amene adafika m'mphepo ya pa mtunda umenewo osanyamula kanthu. Ndipo mu Okutobala 2022 dziko lidanjenjemera pomva za mitembo ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia imene idapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Ambuye Yesu adadziwa kuti alipo maulendo otere, pakuti ponena za masiku a chisautso adauza ophunzira ake kuti apemphere kuti kuthawa kwawo kusadzachitike m'nyengo ya chisanu.

Kwa anthu oterewa sitinganene kuti akadasankha bwino, popeza mphambano ya njira sadaione n'komwe. Pamenepo mlandu umachoka pa woyenda n'kugwera okhala m'mbali mwa njira. Opulumuka m'chombo cha Paulo aja, atafika pa chisumbu cha Melita ali chinyowere, mvula ikugwa ndi chisanu chikuwalasa, adapeza anthu osadziwa chinenero chawo, osadziwa Mulungu wawo, amene adasonkha moto nawalandira onse. Ndipo chifundo chawocho chikukumbukiridwa kufikira lero. Umu ndi mmene Chauta amasamalira iwo amene sadathe kudzisamalira: amawasonkhera moto ndi manja a anthu ena. Ife a pa Mponela, amene msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita kumpoto udadutsa pakati pathu, sitingathawe udindo umenewu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwayi wom'chitira zabwino umapita naye limodzi. Wofunsa njira auzidwe zoona, ngakhale zoonazo zitatilanda ndalama imene akadatipatsa pom'perekeza. Wogwidwa ndi mdima apatsidwe malo pafupi ndi moto, phala lotentha ndi chofunda chouma. Ndipo mnyamata wa m'mudzi mwathu amene akukonzeka kupita ku Joni auzidwe ndi obwerako, mosabisa ndi mosakometsera, za usiku wa pa Beitbridge ndi za chisanu cha m'tinyumba ta malata, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Chatsala n'kuvomereza chimene anzathu aja adanena molondola, kuti munthu angathe kuchita zonsezi nakumanabe ndi imfa panjira. Pamenepo m'pamene chikhulupiriro chili ndi malo ake enieni. Sichidapatsidwe kwa ife kuti chilowe m'malo mwa maso, makutu ndi nzeru zimene Mlengi yemweyo adatipatsa, koma kuti chitigwire dzanja pamene maso, makutu ndi nzeru zafika pothera. Wokhulupirira amakonzeka ndi mtima wonse, podziwa kuti moyo ndi chuma chosungitsidwa chimene adzafunsidwa mmene adachisungira. Akatha kukonzeka amagwada napempha, ndipo amanyamuka wopanda mantha, podziwa kuti zotsalazo si zake. Wosakonzeka amakankhira kwa Mulungu ntchito imene Mulungu adaipereka kwa iye. Wodera nkhawa kosalekeza amalanda Mulungu ntchito imene ili ya Mulungu yekha. Onse awiri asokoneza malire a munda, ndipo wopembedza weniweni ndi amene amadziwa polekeza mzere wake ndi poyambira wa Mbuye wake.

Chifukwa chake, inu makolo amene mukutsazikana ndi ana opita kwa eni, musawapatse pemphero lokha. Apatseninso chofunda, ndi dzina la munthu wokafikirako, ndi chilolezo chobwerera osachita manyazi zinthu zikakanika. Inu abusa, akulu a mpingo ndi mafumu, phunzitsani anthu anu kuti kusamala si mantha ndipo kuuma mutu si chikhulupiriro. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mapiri a kwathu ndi a kunja akukukopani, pitani mukaone ntchito za Namalenga, pakuti n'zokoma ndithu. Koma yesani nyengo, dziyeseni nokha, funsani eni dziko, ndipo mtambo ukakuletsani, bwererani. Phiri lidzakhalapo chaka chamawa, koma moyo wanu mudapatsidwa umodzi, ndipo mudzauyankhira pamaso pa Iye amene adakupatsani.